Mvula Imene a Zgambo Ankaidikira

Mbiri ya a Wedisoni Zgambo inawerengedwa pamaliro awo ndi mwana wa mchemwali wawo, mnyamata wa ku Lilongwe wa suti yothina. Ine ndinakhala kumbuyo, chakukhola, pamene munthu amatha kuona amene akulira ndi amene akungopukuta maso. Ndinatchera khutu kuti ndigwire bodza, koma sindinaligwire. Anati malemu anaphunzira sukulu ya mishoni, anapita maiko akunja, anagwira ntchito ya uinjiniya mpaka imvi. Zoona. Anati sankamwa mowa ndipo sanakwezepo dzanja pa mkazi. Zoonanso. Anati ankadana ndi kuwononga zinthu, ndipo apo anthu anagwedeza mitu kwambiri. Dzina la mkazi wawo, anyaMoyo, linadutsa ngati siteji imene basi sinaime. La mwana wanga Lusiya, amene anawasambitsa mpaka tsiku lomaliza, silinamveke n'komwe.

Ine ndine Naphiri wa ku Dowa, ngakhale kuno amanditcha anyaPhiri. Ndinabwera ndi malemu amuna anga pamene ankacheka matabwa ku Chikangawa, ndipo tinatsalira pa Mzimba boma. Lusiya anakwatiwa ndi Wongani, mwana wamwamuna yekhayo wa a Zgambo, kumudzi kwawo mbali ya ku Champhira. Choncho a Zgambo anali asewele anga. Ndinawayang'ana zaka zokwanira.

Anali wamtali, woonda, wa malaya oyera omanga mpaka pakhosi. Chimene aliyense amakumbukira ndi chala chawo. Akalowa m'nyumba ya munthu, moni usanathe, ankayamba kugunda zinthu ndi kuseri kwa chala: wailesi, chaja ya foni, batire, ngakhale babu. Chikakhala chofunda ankachiyang'ana ngati achigwira chikuba. Ankanena kuti chinthu chotentha ndi chakuba, chifukwa chadya magetsi amene chinapatsidwa kuti chigwirire ntchito. Za anthu ankanenanso chimodzimodzi. Wolankhula kwambiri, woseka kwambiri, wolira pamaliro mpaka kugubuduka, onsewo kwa iwo anali kungotentha.

Tsiku lina la Sabata anaimirira pakati pa ulaliki, n'kupita kutsogolo, n'kugunda ampulifaya ya tchalitchi ndi chala chija, n'kuizula pamagetsi. Mkulu wa mpingo amene ankalalikira anatsala kukamwa kuli yasa, mawu atathawa.

“Dada Zgambo, tikupemphera,” anatero mkuluyo.

“Pempherani. Iyi ikukazinga batire la mpingo. Mbwenu inu ndi iyo mwafanana, moto wambiri, mawu ofika kwa anthu pang'ono.”

Anainyamula n'kutuluka nayo. Sabata yotsatira inabwerera ikumveka bwino kuposa kale, yozizira ngati mtsuko. Mkulu uja sanawalankhulenso mpaka imfa, koma ampulifayayo ilipo mpaka lero. Vuto la a Zgambo linali limenelo: pa zitsulo ankanena zoona, choncho anthu ankaopa kuwatsutsa pa zina.

Chifukwa chimene anabwerera kumudzi sindikuchidziwa. Ena amati anapuma okha, ena amati azungu anawatopa. Ine sindikhulupirira onse awiri. Chimene ndinaona ndi mabokosi amene anabwera nawo, ndi chipinda chimodzi cha nyumba yawo chimene chinadzaza makina a magalasi owala, mawaya, fani, ndi masola padenga oyendetsa zonsezo. M'chipindamo simunkalowa munthu popanda kuitanidwa. Ine ndinaitanidwamo pamene ndinapita koyamba kukaona kumene mwana wanga wakwatiwa, ndipo ndikuganiza kuti anandiitana chifukwa onse a pamudzi anali atamva kale mpaka kutopa.

“Asewele, ampulifaya mukuidziwa?”

“Ya kutchalitchi ndimaidziwa.”

“Yanga ndi iyi.”

Anandionetsa kachitsotso pansi pa galasi lokuza zinthu. Ndinaganiza kuti akundiyesa ngati ndine wopusa. Koma m'galasimo munali timizere tagolide ngati misewu ya tauni. Anati kanthu kameneko kamakhala pansanja ya mafoni, kamamwa magetsi n'kukankha mawu kuti apite kutali. Anati mafoni akubwerawa adzayendera mafunde aafupi ngati njere ya mpunga, osenza zambiri koma ofooka: tsamba limawatchinga, khoma limawatchinga, dzanja la munthu, ngakhale mvula imawadya. Ndiye kanthuko kayenera kukankha mwamphamvu, koma kakakankha kamatentha, ndipo magetsi ambiri amathera m'kutenthako. Moyo wawo wonse, anatero, unali kulimbana ndi kutentha kumeneko.

Kenako anandiuza njira yake, maso akuwala. Anati nzeruyo si yawo, inayamba kale pa mawailesi akuluakulu, yawo inali kuipanikiza kuti ikwane m'kachitsotso. M'katimo muli tiwiri. Koyamba kamasenza nthawi zonse. Kachiwiri kamagona, ndipo kamadzuka pokhapokha koyamba kafika pothera mphamvu. Kakadzuka msanga, magetsi awonongeka. Ndipo koyambako kamapereka bwino kwambiri pamene katsala pang'ono kupsa.

“Thandizo lobwera msanga ndi kuwononga, asewele. Anthu sadziwa.”

Ndinati yewo, zikomo wawo, chifukwa ndi mawu amene ndinaphunzira kuti amatseka nkhani kuno. Potuluka ndinaona anyaMoyo akulowa pageti ndi mtolo wa nkhuni, mapazi otupa ngati maungu, ndipo Lusiya wanga ali pakhonde akusenda timtedza m'mbale. Ndinaganiza kuti ndi ulemu wa mkwatibwi watsopano. Ndinabwerera kuboma ndili ndi kanthu pamtima, koma sindinadziwe dzina lake.

AnyaMoyo anali mayi wamfupi, wa mawu apansi, amene anasunga mudzi zaka zonse zimene amuna awo anali kunja. Analima, analera ana, anaika apongozi awo m'manda, ali okha. Amuna awo atabwera, anthu anati tsopano apuma. Wantchito amene analipo anachotsedwa mwezi womwewo, poti ankadya zambiri kuposa zimene ankagwira. Madzi, nkhuni, munda, mbuzi, zovala zoyera zija, zonse zinali pa anyaMoyo. Lusiya akagwira ndowa, uthenga unkabwera kuchokera m'chipinda kuti aisiye. Unkabwera kudzera mwa anyaMoyo omwewo, chifukwa kuno mkamwana ndi apongozi aamuna salankhulana maso ndi maso. A Zgambo ankaseka miyambo yambiri, koma umenewu ankausunga, poti unkawapeputsira mawu.

Ulendo wina ndinawatsatira anyaMoyo kuchitsime, kutali ndi makutu.

“Amama, mtsikana ali pakhomo, wamphamvu zake. Bwanji osamutuma?”

“Adada akukana. Akuti ine mphamvu zikadalipo.”

“Mapazi awa awaona?”

“Awaona. Anawagunda ndi chala.” Anaseka, n'kukhosomola. “Akuti ine ndine koyamba kaja, mwana wanu ndiye kachiwiri.”

“Nanga inu mukatha?”

“Mbwenu adzuka.”

Ananena ngati akunena za nyengo. Ine ndimakayikira munthu wodandaula kwambiri, koma wosadandaula konse amandiopsa. Kuyambira tsiku limenelo ndinadziwa kuti mwana wanga sakulemekezedwa. Akusungidwa.

Tsopano ndinene za mvula. Chinali chaka chimene Wongani anapita ku Joni, n'kusiya Lusiya ali ndi pakati. Mimba itakula ndinapita kukakhala naye. Unali mwezi wa Febuluwale, ndipo a Zgambo ankayang'ana kumwamba kuposa alimi. Ankafuna mvula yamphamvu, ija yogwetsa chimanga, kuti aone ngati kachitsotso kawo kangakankhe mawu kudutsa m'madzi osapsa. Ankati anzawo akale a kunja alibe mvula ngati yathu, ndipo akawatumizira zimene apeza adzachita manyazi. Anali atachotsa galasi pawindo la chipinda chija n'kuikapo kalipenga kachitsulo koloza kaphiri ka tsidya la dambo. Kalipenga kena kanali pansonga ya nsungwi yaitali, ndi kabokosi ndi batire. Nsungwiyo inkafuna munthu woimika paphiri, foni ili kukhutu, woitembenuza pang'onopang'ono mmene iwo akumuuzira, chifukwa mafundewo amayenda mowongoka ngati ulusi ndipo ukaphonya ndi chala chimodzi wataya. Aganyu anayesapo nyengo ya dzuwa. Atamva kuti adzaima paphiri ndi mtengo wachitsulo kunsonga mphezi zikung'anima, sanabwerenso.

Tsikulo kunada masana. A Zgambo anatuluka pakhonde, n'kununkhiza mphepo.

“NyaMoyo, yafika. Nyamula.”

AnyaMoyo anali atagona pamphasa kukhitchini, chifuwa chikulira ngati mluzu kuyambira m'mawa. Anadzuka, n'kuyamba kumanga chitenje.

“Asewele,” ndinatero, “mayiwa akudwala.”

“Akuyenda.”

“Dikirani tsiku lina.”

“Mvula mungaiuze inu tsiku lina?”

“Ndiye pitani nokha paphiripo.”

“Makina awerenga ndani? Inu?” Anandiyang'ana kuyambira kuduku mpaka kumapazi. “AnyaPhiri, mwabwera kudzadikira mdzukulu. Dikirani mdzukulu.”

Lusiya anagwada pakhomo la khitchini n'kunong'oneza apongozi ake aakazi kuti iye angathe kunyamulako batire mpaka kudambo. AnyaMoyo anapereka uthengawo. Yankho linali lakuti akhale pansi, nthawi yake sinakwane. Ine ndinamugwira dzanja Lusiya n'kumukhazika, ndipo pa chimenechi chokha ine ndi a Zgambo tinagwirizana. AnyaMoyo anatsika kudambo, batire pamutu, nsungwi paphewa, atafunda pepala la pulasitiki.

Mvula inabwera monga ankaifunira. Malata ankalira mwakuti munthu sunkamva mnzako, koma mawu a a Zgambo ankatulukira pawindo lija: kumanja pang'ono, wapyola, bwerera, gwira pomwepo, usapume mwamphamvu ukugwedeza. Ine ndi Lusiya tinaima pakhonde. Paphiri tinkangoona kadontho kakuda, kenako mvula inakaphimba. Inatenga nthawi yoti munthu akanaphika nyemba n'kupsa. Kenako mawu anasintha.

“NyaMoyo. NyaMoyo. Wagwetsa.”

Sanafunse kuti chachitika n'chiyani. Anatuluka m'chipinda, n'kuima pakhonde, ndipo kwa nthawi yoyamba chikwatiwire anamuyang'ana Lusiya kumaso n'kumulankhula okha.

“Mkamwana, tsopano pita.”

“Sapita,” ndinatero. “Mimba iyi simukuiona?”

Koma Lusiya anali atatsika kale pakhonde. Sankamvera iwo, ankathamangira mayi amene wagwa. Ndinamutsatira ndi maondo angawa, ndikugwa m'matope, madzi a m'dambo akufika m'ntchafu. Ndinafika paphiri mochedwa. AnyaMoyo anali chigonere chammbali, milomo itada, maso otsegula. Lusiya anali ataima pambali pawo atagwira nsungwi ndi manja onse awiri, foni ataipana ndi phewa.

“Ukutani iwe?”

“Akuti ndiimike kaye, amayi. Akuti yatsala pang'ono.”

Ndinamva mawu aja m'foni: kumanzere, mkamwana, kumanzere pang'ono chomene. Mwana woleredwa bwino, apongozi ake amulankhula koyamba, akanatani? Ndinalanda foniyo n'kuiponya m'thengo, ndipo nsungwi ndinaikankha ndi phazi. AnyaMoyo sakanatha kuima. Ine sindikanatha kuwanyamula. Lusiya anawabereka kumsana, mimba kutsogolo, mayi kumbuyo, n'kutsika nawo phiri loterera n'kuwoloka dambo. Anagwa, n'kudzuka, n'kugwanso chamimba pamwala wa m'mphepete mwa madzi. Sanalire. Anangoti, “Amayi, gwirani miyendo yawo.”

Titafika, a Zgambo anali m'chipinda akulemba zimene makina anaonetsa. Galimoto lawo linali pansi pa mtengo. Anati tidikire amalize, chifukwa akazimitsa makina asanasunge zonse, mvula yonseyo yapita pachabe. Ndinaima pakhomo lawo n'kuwatukwana m'Chichewa cha ku Dowa, mawu amene sindingawalembe pano. Sanatembenuke. Atamaliza anavala jekete, n'kutitengera ku chipatala cha mishoni, akuyendetsa mosamala kuti mafuta asathe msanga.

Mawa lake Lusiya anapita padera. Mwanayo anali wamwamuna, zala zonse zokwanira. Tinakamuika azimayi okhaokha, osalira, monga mwa mwambo. Pobwerera ndinawapeza a Zgambo atakhala pabenchi panja pa wodi. Anaimirira atandiona, ndipo ndinaganiza kuti mwina lero anena mawu a munthu.

“Asewele,” anatero motsitsa mawu, “kachitsotso kaja sikanatenthe. Mvula yonse ija, ndinakagunda ndi chala. Kozizira.”

AnyaMoyo anatuluka m'chipatala koma sanadzukenso bwino. Anamwalira chimanga chisanaume. Pamaliro awo a Zgambo sanagwetse msozi, ndipo anadzudzula azimayi kuti asonkha moto waukulu kuposa mphika.

Ndinayesa kumutenga Lusiya. Ndinakhala pansi ndi achibale a kwa Zgambo, ndipo mlongo wawo wamkulu, amene onse amamutcha ankhazi, ndiye kuti azakhali, anandimvetsera mpaka kumapeto, akugwedeza mutu mwachisoni ngati ali mbali yanga. Kenako anati ng'ombe za malowolo zinalowa m'khola la kwathu, ndipo mkamwana sasiya apongozi ake opanda wowaphikira. Wongani anaimba foni kuchokera ku Joni, akulira, akulonjeza kuti abwera pa Khirisimasi. Ine sindinamukhulupirire. Lusiya anamukhulupirira.

“Amayi, ndikachoka adzati Achewa sapirira.”

“Anene. Pakamwa ndi pawo, msana ndi wako.”

“Wongani akabwera zisintha.”

Anabwera kangapo, kenako anayamba kutumiza mawu, kenako tinamva kwa anthu a pabasi kuti ali ndi mkazi kumeneko ndi ana. Lusiya sanatengenso pakati. Ntchito zonse za anyaMoyo zinagwera pa iye, ndipo kumbuyo kwake kunalibe wina wogona wodikira nthawi yake. Ndikamuyendera ndinkapeza manja atang'ambika, khosi litalowa m'mapewa. Ndinkamubweretsera sopo ndi shuga n'kumubisira m'thumba la ufa, chifukwa a Zgambo ankati shuga amapereka mphamvu ya kanthawi yosapindula.

Sindinganene kuti analibe chabwino chilichonse, ngakhale ndafufuza ndi nyali. Mafoni a mudzi wonse ankakonza osalandira kanthu. Mwana wasukulu akawafunsa masamu ankakhala naye mpaka amve, bola asayasamule. Ndipo kamodzi ndinawapeza ataima pamanda a anyaMoyo akuzula udzu. Atandiona anati udzu umaitana njoka. Mwina zinali zoona.

Patapita zaka, sitiroko itawagwira a Zgambo, mbali imodzi inafa ndipo pakamwa panapotoka. Apo ankhazi ndi abale ena anagwirizana kuti mwambo wa mkamwana ndi apongozi ukhoza kupumulako. Mtsikana amene sankaloledwa kuwayang'ana kumaso anayamba kuwatembenuza, kuwapukuta, kuwanyamula kupita nawo kuchimbudzi. Abale ankabwera Lamlungu, n'kudya nkhuku, n'kumuyamikira. Dzanja limene linatsala lamoyo linali la chala chija. Lusiya anandiuza kuti akamawasambitsa ankamugunda nacho pamphumi, ndipo akapeza thukuta ankang'ung'udza. Ngati kachitsotso kaja kanakafika kwa anzawo a kunja, ine sindikudziwa. Mnyamata wa suti anati kakugwira ntchito maiko ambiri. Munthu amene akuyang'ana makina a malemu ndi diso limodzi akhoza kunena chilichonse.

Maliro a asewele angawo atatha abale anasonkhana pabwalo n'kumuitana Lusiya. Anagwada. Ankhazi anamugwira dzanja.

“Mwana wanga, yewo chomene. Wagwira ntchito. Chiuta akuona.”

“Yewo, ankhazi.”

“Tsono Wongani akubweretsa banja lake, ana aone kwawo. Nyumba ndi yomweyi. Iwe mwana ulibe kuno, ndiye sitikufuna kukumanga. Takumasula.”

Wongani anali pomwepo, akuyang'ana nsapato zake. Ine ndinafunsa ngati ng'ombe zija tsopano zaiwalika. Ankhazi anati pamaliro sitikamba za ng'ombe. Zimene ndinapempha kale n'kukanizidwa anandipatsa tsiku limenelo osapempha, poti m'mwanayo munalibenso chodya. Katundu wake yense anakwana m'chikwama chimodzi ndi ndowa. Pokwera minibasi kondakitala anamutcha agogo, n'kumupatsa mpando wakutsogolo.

Ali kwanga tsopano. Amagona mpaka dzuwa kufika pamutu, ndipo aliyense wogogoda pakhomo nthawi imeneyo amakumana ndi ine.

Wongani sanakhale. Anakhoma nyumba n'kubwerera ku Joni sabata yomweyo. Mwezi wathawu ndinapitako kukatenga mtondo wa Lusiya, umene ndinamugulira ine paukwati. Iye anakana kundiperekeza. Ndinapeza geti lomangidwa ndi waya, bwalo lamera chisoso mpaka m'maondo, khola lagwa mbali imodzi. Mtondo kunalibe, wina anafika ine ndisanafike. Ndinazungulira kuseri n'kusuzumira m'chipinda chija. Makina onse anapita pa lole ya matabwa ndi mnyamata wa suti, ndipo pozula masola padenga anasiya mabowo a misomali. Madzi akudontha pasimenti, pachita ndere. Chiswe chakwera miyendo ya tebulo, mpando wagona chagada, ndipo pakona nkhuku ya munthu wina yaikira mazira. M'menemo mukuzizira ngati m'phanga.

Ndinaima mpaka ndinatsimikiza kuti mulibedi munthu. Kenako ndinamanga waya wa pageti mmene ndinaupezera, mfundo yake yomweyo, kuti asadzanene kuti Mchewa uja anatola kanthu.